Mchere umene ndinakwirira pansi pa mphasa

Uthenga unandipeza ndili pa ganyu, ndikusosa m'munda wa eni kumtunda kwa Thambani, fumbi m'maso, fumbi m'mphuno. Ndinangomva belu la njinga likutsika chitunda, ngiri ngiri ngiri, ndipo pa njingapo panali aphunzitsi a mdzukulu wanga, tayi itagwera kumsana, akukuwa asanafike n'komwe.

"Agogo! Agogo inu! Tayani khasulo! Mwana wanu wasankhidwa, akupita ku sekondale!"

Khasu uko. Mpango uko. Ndinaimba nthungululu mpaka mbuzi ya eni munda inadula chingwe. Ndinavina pamizere ya eni, mizere imene ndinaunga ndekha m'mawa womwewo, ndinaiphwasula ndi mapazi ndipo sindinapepese. Nyimbo inangotuluka yokha:

Wapita ee, mwana wa mwana wanga wapita,
wapita ndi pensulo, sanapite ndi mbereko.
Inu munati sapita, bwerani mudzaone,
mubwere ndi maso anu omwe aja, mudzaone.

Mwaimva mmene ikuthera nyimboyo? Yayamba ndi mwana, yathera pa anthu. Ndi mmene ndilili ine. Mpaka lero ndikakumbuka tsiku limenelo miyendo imafuna kuvina koma pakamwa pamafuna kukalipa. Zilembozi ndinaphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zili kale mbuu. Mzere umakwera phiri n'kutsika, koma nkhani ya mchere wanga ndilemba ndekha. Maina sindilemba. Eni ake akudzidziwa.

Ife tinabwera ndi nkhondo ya ku Mozambiki. Tinali awiri, ine ndi mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga woyamba. Amake anatsala komweko, m'nthaka. Abambo ake anatengedwa ndi a mfuti kuti akawasenzere katundu, sanabwerenso. Tinadutsa m'mapiri mpaka tinafika kwa alamu anga, mlongo wa malemu amuna anga, amene anakwatiwa kuno ku Mwanza kalekale. Anatipatsa kakhitchini kakale kuseri kwa nyumba yawo. Ndisaname, anatilandira. Koma mwana atayamba kusinkhuka, alamu anayamba kumuyang'ana mmene munthu amayang'anira msoti umene watsala pang'ono kuikira.

Mwanayo mutu wake unkagwira. Anafika kuno asakudziwa liwu ngakhale limodzi la Chingerezi, koma anakwera, anakwera, mpaka Sitandade 8. Masiku amenewo sukulu sinali yaulere. Inkafuna fizi, inkafuna yunifomu, ndipo mayeso akayandikira inkafunanso zina. Ine munda ndinalibe, mbuzi ndinalibe. Ndinali ndi khadi la othawa nkhondo ndi manja awiriwa.

Pa khadipo ankatipatsa ufa, nandolo, mafuta ndi kamchere. Ndinaona kuti anzanga ena othawa nkhondo, makamaka okalamba ndi odwala, ankasowa wowatungira madzi ndi wowatolera nkhuni. Ndinati ine ndilipo, mundipatse mchere. Kachikho lero, kachikho mawa. Wathu womwe ndinkausunga, moti ndiwo zathu mchere zinkangoumva mbiri. Pang'ono pang'ono thumba la chiguduli linadzaza. Thumba limenelo ndilo linali sukulu ya mwana. Ndinati mayeso akayandikira ndikagulitsa pa msika wa Thambani, ndikapereka zonse zimene akufuna.

Tsono tamverani chimene nkhondo imamuchita munthu.

Kwathu kuja, chinthu chosiya poonekera sichinali chako. A mfuti akalowa m'mudzi ankayamba kufunsa mchere asanafunse nkhuku, chifukwa mchere unkasowa kuposa nsalu. Choncho tinaphunzira kukumba. Umakumba dzenje m'nyumba momwemo, n'kuyala mchenga wouma wa kumtsinje kuti chiswe chisafike msanga, n'kuika katundu wako, n'kuthira mchenga wina pamwamba, n'kuzira bwinobwino, mphasa pamwamba pake. Tinkagona pa chuma chathu. Kuno ku Mwanza kunalibe a mfuti. Panalibe munthu akanalowa m'kakhitchini kanga kudzalanda mchere. Koma manja anga sanamve kuti nkhondo yatsala kuseri kwa mapiri. Anakumba okha. Ndinapita kumtsinje, ndinasankha mchenga woyera mbee, wosalala, ndinauyanika, ndinakwirira thumba langa monga ndinazolowera.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa ngati yachita kutumidwa. Pansi ponse panazizira. Itatha, mayeso atayandikira, ndinachotsa mphasa ndi kufukula. Ndinagwira thumba pakamwa, ndinakoka. Linabwera khosi lokha. Kumunsi konse kunali kutaola. Mchere wanga wonse waa, mu mchenga.

Sindinalire. Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinakokolola zonse, ndinayanika, ndinatenga lichero. Ndinapeta monga ndimapetera mphale, monga ndimapetera mpunga. Tiulusi ta chiguduli tinauluka. Ndinatenga sefa, timiyala tinatsala. Chimene chinakhala m'lichero chinali choyera, ndikanyambita chala, mchere. Ndinati basi, ndathana nazo. Mwana anali kusukulu ndipo sindinamuuze, kuopa kumusokoneza mutu mayeso ali pafupi. Kunyumba ndiwo tinkadyabe zopanda mchere, ndiye wa m'licherowo sunalowe mu ndiwo zathu kuti ndiudziwe.

Tsiku la msika ndinayala nsalu yanga pafupi ndi ogulitsa tomato. Anthu anagula, chifukwa chikho changa chinali chachikulu. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Tsiku la msika lotsatira, ndisanayale n'komwe bwino, ndinaona mayi wina wogulitsa zitumbuwa akubwera ngati kamvuluvulu, chitumbuwa chili m'manja. Mayi ameneyu anali atagula kwa ine zikho zingapo.

"Idyani!" anatero. "Idyani, mayi a ku Mozambiki, ndikuoneni!"

Ndinaluma. Mchenga unalira m'mano, khwee. Ndinalavulira m'dzanja.

"Beseni lonse ndataya! Anthu akulavula pamaso panga! Munatithawira kuno ndi nkhondo yanu, tinakupatsani pokhala, lero mukutigulitsa mtsinje?"

"Pepani mayi, imvani kaye mmene zinakhalira..."

Ndani amve? Anthu anali atatizinga kale. Bambo wina wa nsomba zouma anati, "Marefuji ndi choncho. Ufa waulere, mchere waulere, n'kuwonjezeranso mchenga waulere."

Wina kumbuyo anati, "Mwina kwawo ndiye chakudya chake, n'chifukwa chake mano alibe."

Anaseka. Msika wonse unaseka. Mano anga awiri akutsogolowa chinawachotsa n'chiyani, palibe anafunsa. Sindiwauza lero, sindinawauze tsiku limenelo.

Kenako mayi uja anakweza phazi. Phazi, anthuni. Osati dzanja. Anaponda m'mphepete mwa beseni langa, mchere wonse pansi, m'fumbi lofiira, m'zitosi za mbuzi, m'makoko a nzimbe. Madzi onse amene ndinatunga, nkhuni zonse zimene ndinasenza, ndiwo zonse zopanda mchere zimene mwana wanga anameza osadandaula, zonse pansi pa phazi limodzi. Woyang'anira msika anafika n'kungoti, "Mayi, ndi mchere musadzabwerenso pano."

Ndinagwada. Ndinasesa ndi manja, fumbi, zitosi, makoko, zonse, kuika m'chitenje. Panali amayi opemphera nawo limodzi pamenepo, ovala zoyera tsiku la mapemphero. Palibe anawerama.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Alamu anga ndinawapeza ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Alamu, mwatichititsa manyazi. Mudzi wonse ukuti pakhomo pano pamakhala akuba."

"Sindinabe, alamu. Thumba linaola."

"Linaola kuti?"

"Pansi pa mphasa."

"Pansi pa mphasa! Mumandiyesa ine wakuba kuti muzikwirira mchere m'nyumba yanga?"

Munthu amene sanamvepo nsapato za a mfuti pakhomo, umuuza bwanji?

Iwo anapitiriza, ndipo apa mawu anawafewetsa, ndiye ndinadziwa kuti anali atakonzeka kale. "Mwana wanga ku Blantyre mkazi wake wabereka, akusowa wolera mwana. Mtsikanayu apite. Azikadya bwino, azikavala. Lole ya makala inyamuka kutha kwa mwezi, ndalankhula kale ndi adalaivala."

"Ali ndi mayeso."

"Mayeso mulipira ndi chiyani? Mchenga? Ndipo sukulu ya mwana wothawa nkhondo imathera pati? Mawa mubwerera kwanu, pepala la kunolo mukaphikira ndiwo?"

Mwana wa mwana wanga, woyamba m'kalasi, akabereke mwana wa eni kumsana. Ndinalowa m'kakhitchini, ndinathira mulu wanga pa lichero, ndinakhala n'kumangouyang'ana. Wofiira, wakuda, wonunkha mbuzi.

Mdzukulu atabwera kusukulu ndinamuuza zonse, za dzenje, za lichero, za phazi, za lole. Atamva za lole anasendera pafupi ndi lichero. Kenako anatapa mcherewo, anaufikisa pa zala.

"Agogo, ndiye munapeta?"

"Ndinapeta."

Anaseka. Misozi ili m'maso, koma anaseka.

"Ukuseka chiyani iwe? Nawenso wakhala wa pamsika?"

"Pepani agogo. Koma lichero limasiyanitsa cholemera ndi chopepuka. Sefa imasiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Mchere ndi mchenga kulemera n'kofanana, kukula n'kofanana. Mukanapeta mpaka chaka chamawa."

"Koma unali woyera!"

"Kuyera sindiko kuti chili chokha, agogo."

Anakhala pansi, anakoka miyendo, anayamba kundiuza zimene aphunzitsi anawaphunzitsa pa sayansi. Akuti zinthu zili mitundu iwiri. Pali chinthu chimene chili chokhachokha, monga mchere weniweni. Kaya muupere, kaya muusefe, kaya muuwiritse, simutulutsamo china, paliponse mungatape ndi womwewo. Ndiye pali zosakaniza, iye ankati mikisicha. Zinthu ziwiri kapena zambiri zangokhalira pamodzi, koma chilichonse chikadali ndi khalidwe lake. Mchenga m'menemo ukadali mchenga, mchere ukadali mchere, sizinasanduke china. Ndiye popeza chilichonse chasunga khalidwe lake, mukhoza kuzilekanitsa.

"Tsono ndiuzeni agogo, n'chiyani chimene mchere umachita koma mchenga suchita?"

"Ndine mwana wa sukulu ine kuti uzindifunsa mayeso? Anthu andinyoza kunja, iwenso undinyoze m'nyumba?"

"Tangoganizani. Mukauthira mu ndiwo umatani?"

"Umasungunuka, nanga uzitani?"

"Mchenga?"

Ndinadzimenya pantchafu mpaka panamveka kunja. Chidulo! Ine amene ndakhala ndikucheza chidulo amake a mwanayu asanabadwe! Umathira madzi m'phulusa, chosungunuka chimatsika ndi madzi, phulusa n'kutsala pamwamba. Nzeru imeneyo inali m'manja mwangamu. Koma nkhondo inandichotsera zonse m'mutu n'kundisiyira kukumba kokha. Ndinakwiya tsiku limenelo kuposa mmene ndinakwiyira pamsika, ndipo wom'kalipira panalibe.

M'mawa mwake tinayamba. Tinathira mulu wonse mu nkhali yaikulu ya alamu, madzi pamwamba, ine kutakasa ndi mthiko. Makoko ndi zitosi zinayandama, tinaziyengula n'kutaya. Madzi anali ofiira ngati a m'ngalande. Mwana anati tiwasiye adikhe, ndipo anapita kusukulu. Tsiku lotsatira matope anali atakhala pansi. Tinatenga dengu, udzu wouma mkati, mpango wanga woyera wa kutchalitchi pamwamba pa udzu, n'kumatsanulira pang'onopang'ono. Kawiri, katatu. Mpango unafiira, sunayerenso mpaka lero. Koma madzi amene ankadontha kunsi anali mbee ngati a pakasupe.

Pamenepo mantha anandigwira.

"Iwe, mchere wanga uli kuti? Wausandutsa madzi! Mchere ukalowa mu ndiwo ndani anauonapo ukubwerera?"

"Lawani, agogo."

Ndinalawa. Lilime linachita kukwinyika.

"Ulimo. Madziwa akuoneka ngati chinthu chimodzi, koma nawonso ndi mikisicha. Muli ziwiri, madzi ndi mchere. Kungoti nsalu singaugwire. Ukufuna moto."

Tinadula zitini za mafuta zimene ankatipatsa pa khadi zija, tinazitereka pamafuwa panja. Nkhuni ndinasenza ndekha kuchokera kuphiri, msana uwu. Alamu ankadutsa ndi ndowa pamutu n'kumati, "Mukuphika madzi, alamu? Ndiwo zake ndi ziti? Mutiitane zikapsa."

Ine ndinaponyapo chikuni china. Ndinkangosonkhezera, ndikuimba chapansipansi:

Wira ee, wira, madzi a eni pita kwanu,
undisiyire wanga, undisiyire wanga.

Mwana anatenga chivundikiro cha poto, anachigwira pamwamba pa nthunzi, kenako anachitembenuza. Panali timadontho.

"Nyambitani apa."

Ndinanyambita. Anthuni, opanda mchere ngakhale pang'ono. Pansi m'chitini muli madzi owawa osamweka, pamwamba pake pali madzi ozizira lilime ngati mvula.

"Amenewo ndiye madzi okhaokha, agogo. Nthunzi imanyamuka yokha, mchere imausiya."

Ndinanyambitanso, ndinanyambitanso. Ndakhala ndikuvundukula miphika moyo wanga wonse, madontho amenewo ndikumangowakutumulira pansi.

Dzuwa litapendeka, m'mphepete mwa chitini munayamba kuyera. Kenako pansi ponse. Madzi anaphwa, ndipo apo, apo, mchere wanga! Wabwerera! Wosalala ngati ufa, woyera kuposa mmene unabwerera pa lole ya othawa nkhondo. Ndinavina mozungulira mafuwa mpaka chitenje chinatsala pang'ono kuyaka. Tinapala ndi supuni, tinayanika pa lichero, tinathiranso madzi ena. Sabata yonse inathera pamenepo.

Koma ndinene chinthu chimene sichindikomera. Mchenga umene unatsala mu nkhali ndi pa mpango unali wambiri. Pochotsa fumbi la pamsika, woyera uja wa kumtsinje, wanga uja, unali mulu ndithu. Ndiye kuti anthu ndinawadyetsadi mchenga. Mayi wa zitumbuwa pa mchenga sananame. Ananama pa ine.

Tsiku la msika ndinanyamula beseni, botolo loonekera mkati, ndi chigubu cha madzi. Mwana anafuna kujomba kuti andiperekeze, ndinamukaniza. Woyang'anira msika atandiona anati, "Mayi, si ndinakuuzani?"

"Munandiuza, bambo. Ndabwera kudzabweza mchere wa eni. Muime pompo muone."

Ndinapita kwa mayi wa zitumbuwa. Ndinagwada, chifukwa mchenga unali wanga. Ndinati, "Mayi, munali mchenga, ndaupeza ndi maso anga. Sindinathire dala, koma unalimo. Pepani. Wanu ndi uwu."

"Ndiye ndikhulupirire kuti umenewu mulibe? Uja sunali woyeranso?"

"Kuyera sindiko kuti chili chokha," ndinatero, ngati mawuwo ndi anga. "Taonani."

Ndinathira madzi m'botolo, mchere wanga dzanja lodzaza, ndinakhutchumula. Anthu anayamba kusonkhana, omwe aja. Ndinakweza botolo kudzuwa. Pansi pake panalibe kanthu. Mbee.

Bambo wa nsomba zouma anati, "Aaa, mchere uliwonse umatero."

"Chabwino, achimwene. Inu simugulitsanso mchere pambali pa nsombazo? Tabweretsani wanu."

Sanafune, koma anthu anamukankha. Ndinatsuka botolo, madzi ena, mchere wake. Khutchu khutchu. Madzi anachita mbuu, ndipo atadikha pansi panakhala kamzere kakuda, timchenga, ndi mamba a nsomba akuyandama pamwamba.

Msika unasekanso, koma ulendo uno mano anga sanawatchule. Mayi wina wa tomato anati, "Achimwene, nanunso ndinu a ku Mozambiki?"

Woyang'anira msika anatembenuka n'kumapita ngati wina wamuitana. Mayi wa zitumbuwa anatenga mchere wake, anaulawa, anati, "Bola." Basi. Bola. Ine ndinapepesa za mchenga. Iye za phazi sanapepese, tsiku limenelo ngakhale tsiku lina lililonse. Amene anagula kale ndinawabwezera onse amene anabwera, ndipo ena anabwera amene nkhope zawo sindinazionepo, ndinawapatsa ndithu ndikukukuta mano otsalawa. Wotsala ndinagulitsa, unatha dzuwa lisanafike pamutu. Amayi ankaufuna chifukwa sunkafunika kusinja.

Thumba lonse lija linali litachepa kwambiri, koma zinakwana. Ndinapita kusukulu ndekha kukapereka zimene ankafuna. Kumeneko ndi kumene ndinawaonera koyamba aphunzitsi a sayansi aja, omwe aja a tayi ndi njinga. Anali atamva, ndipo anali atamuuza mwana kuti abweretse mpango wanga ndi mchenga wake aonetse anzake m'kalasi. Anandipatsa mpando. Anati, "Agogo, mwagwira ntchito yabwino. Komabe wanuwu sitinganene kuti ndi chokhachokha kwenikweni. Muli tina tosungunuka timene tinadutsa nawo pa nsalu, maso sangatione."

"Aphunzitsi, nkhuni zonse zija?"

"Zinthu zokhala zokhazokha n'zosowa, agogo. Zambiri zimene timagwira n'zosakaniza. Thobwa, tiyi, dothi, ngakhale mpweya tikupumawu."

Za thobwa ndinavomera. Za mpweya ndinawauza kuti akanamize ana.

Kutha kwa mwezi lole ya makala inaima pamsewu, hutala piii. Alamu anatuluka ndi kachikwama kamene anam'konzera mwana. Ine ndinaima pakhomo pa kakhitchini, manja uku ndi uku kugwira mafelemu.

"Alamu, adalaivala akudikira."

"Adikire. Mwana walembetsa mayeso."

"M'nyumba yanga mukukana mawu anga?"

"Nyumba ndi yanu, alamu, ndipo ndimathokoza. Mwana ndi wanga. Ndinamubereka kumsana kudutsa mapiri aja, sindinamusenzere mwana wanu wa ku Blantyre."

Hutala inaliranso. Alamu anaponya kachikwama pansi. "Chabwino. Alembe. Koma akalephera, lole sinathe. Imapita mwezi uliwonse."

Kuyambira tsiku limenelo moni anasiya. Nkhali yawo anatenga, mtondo anabisa. Ndipo mwezi uliwonse lole ija inkaima pamsewu n'kuliza hutala, ine mtima n'kumadumpha ngati ndamva mfuti.

Mwana analemba. Atatuluka tsiku la sayansi ndinamuchingamira panjira.

"Mchere wathu unabwera?"

"Ayi agogo. Kunabwera za maluwa ndi mafupa a munthu."

Maluwa! Munthu wawotcha phiri lonse la nkhuni, iwo n'kukafunsa maluwa! Amene amalemba mayesowo sindiwadziwa, koma nawonso ndili nawo mawu.

Ndiye tinadikira. Chisanu chinatha, mphepo ya fumbi inabwera, mitengo inayamba kuphuka masamba ofiira. Alamu anatulutsanso kachikwama kaja, anakapachika pakhonde poti ndizikaona. Mpaka tsiku lija belu la njinga linatsika chitunda.

Kuchokera kumunda sindinayende, ndinathamanga, nkhalamba ine, aphunzitsi akukankha njinga pambuyo panga. Mwana ndinam'peza pachitsime. Ndinamunyamula, mtsikana wamkulu, ndinamunyamula ndithu, tinagwera limodzi m'matope. Ndinaitana amake dzina, kuyang'ana kumapiri. Ndinati wamva? Wamva kumene uliko?

Phwando ndinalibe nalo kanthu. Ndinali ndi mtedza umene anandipatsa pa ganyu, ndi kachitini ka mchere uja kamene ndinasunga, osati pansi ayi, pamwamba, patsindwi, poonekera. Ndinakazinga mtedza, ndinawaza madzi a mchere wanga. Aliyense amene anabwera anaudya mchere umenewo, ndipo ndinkawayang'ana pakamwa mmodzimmodzi.

Ndinati maina sindilemba, koma ndiwaimba mmene ndinawaimbira tsiku limenelo, aliyense ndi chizindikiro chake.

Anabwera aphunzitsi a tayi, a mpweya wosakaniza, anavina ngati njinga yopanda mabuleki.
Anabwera agogo akhungu a kwathu, amene ndinkawatungira madzi, mchere woyamba m'thumba lija unali wawo.
Anabwera amayi awiri apachibale a kumalire, ndi nyimbo za kwathu zimene tinali titasiya kuimba.
Anabwera eni munda umene ndinaphwasula mizere, mbuzi yawo ili pachingwe chatsopano, sanandifunse kanthu.
Anabwera mayi wa tomato, wa pakamwa pakuthwa, Mulungu amusunge.
Anabwera amayi a zoyera, amene sanawerame pamsika, tsiku limeneli anawerama kutola mtedza.
Anabwera woyang'anira msika, akuti ankadziwa kale kuti ndine munthu wabwino.
Anabwera bambo wa nsomba zouma, anakhala kumapeto, anatafuna mosamala.
Anabwera adalaivala a lole ya makala, analiza hutala, ulendo uno sindinadzidzimuke.
Anabwera mayi wa zitumbuwa ndi beseni lodzaza, analiika pansi osandiyang'ana, ndipo anavina ndi phazi lomwe lija.
Anabwera alamu anga, nthungululu yawo kuposa ya wina aliyense, akuti mwana wathu, mwana wathu, kachikwama kaja akuti anam'konzera ka ku sekondale.
Ndi mwana wa mwana wanga, matope akadali m'tsitsi, atakhala pakati pa onsewo pa mphasa yanga, pamwamba pa dzenje lopanda kanthu.